Tsiku limene apongozi anga anandiyankhula ndili padenga

Anzanga kumowa amati nkhaniyi ndimaithira mchere, koma ine ndikulumbira, zinandichitikiradi, ndipo dishi yake ilipobe padenga kwa aliyense wofuna kukaiona.

Ine ndine mkamwini kufupi ndi kwa Kabudula, ndipo nthawi imeneyo ndinali nditakhala pamudzipo zaka zisanu ndi chimodzi osayankhulanapo ndi apongozi anga aakazi. Sikuti tinadana ayi, ndi ulemu wa kwathu kuno. Tikakumana panjira iwo ankapatukira m'chimanga, ine n'kuyang'ana kumbali ngati ndataya kanthu, ndipo uthenga uliwonse unkadutsira kwa akazi anga.

Chaka chimenecho fodya anayenda bwino, ndiye ndinagula sola, kanema ndi dishi. Wodzaika anailozetsa kumpoto, pafupifupi kumwamba kwenikweni, kumene kumachokera mpira. Koma pasanathe mwezi akazi anga anandiuza kuti amayi awo anaona makwaya a tchalitchi pa kanema wa aphunzitsi ena ku Nsaru, ndipo akufunsa ngati dishi yathu ndi yachikunja. Ndinaseka, koma zinandilasa. Aphunzitsiwo anandilangiza kuti makwayawo ali pa setilaiti ina, ya kotulukira dzuwa, ndipo ndizitembenuza dishi pang'onopang'ono wina akuyang'ana kanema.

Loweruka m'mawa, malata asanatenthe, ndinakwera ndi sipanala yanga. Vuto linali lakuti akazi anga ankapita kuchigayo, ndiye woyang'ana kanema anatsala ndani? Apongozi omwewo. Akazi anga anawasiyira mbale yachitsulo ndi supuni, nawauza kuti chithunzi chikaoneka aziimenya kwambiri, chikathawa asiye.

Ndinagwada pamalata, ndinamasula mabawuti, n'kuyamba kusuntha. Inu amene munayesapo mukudziwa, ukangosuntha mwa chikhadabo chimodzi zonse zapita. Mbale inkalira kamodzi n'kukhala chete, kuliranso, kukhalanso chete, mpaka mawondo anayamba kuwawa. Kenako inalira mosalekeza, ndipo ndinamva kwaya ikuimba pansi panga. Ndisanagwire sipanala, mbale ija inagwa pansi.

Apo ndinamva mawu kuchokera pabwalo. Anali apongozi, atatuluka kuti aone ngati ndamva, ndipo ankayankhula ndi ine, mwachindunji, akunditchula kuti bambo a mwana wanga woyamba. Anandiuza motsitsa kuti ndisatembenuke, ndisasiye dishiyo, ndisapume mokweza. Kunena zoona, choyamba kundiopsa chinali mawuwo, chifukwa munthu amene wakuthawa zaka zisanu ndi chimodzi sangakuyankhule pa nkhani yaing'ono, eti?

Kenako ndinamva kanthu kozizira kakukwera pa katumba wa mwendo wakumanja. M'dishi simuoneka zakumbuyo ngati pagalasi, koma pakona ya diso ndinaona mchira wobiriwira ukutsika pa nthambi ya mango imene inkakhudza denga, nthambi imene akazi anga anandiuza kangapo kuti ndidule. Inali njoka yaululu ija, mbobo, ndipo kutalika kwake sindinena chifukwa mudzati ndikunama. Inadutsa mwendo woyamba, inaima pakati, ine thukuta lili chuchuchu, pansi kwaya ikuimbabe za ulendo wa kumwamba. Mumtima ndinati nyimbo imeneyi andisankhira ine.

Apongozi sanasiye kuyankhula. Ankandiuza pamene mutu wafika, kuti tsopano yadutsa mwendo wachiwiri, kuti ndipirire pang'ono mwana wawo. Mawu akuti mwana wawo amenewo ndi amene anandigwira kuti ndisadumphe. Itatsikira kuseri n'kulowa m'mpanda, anandiuza kuti yapita, ndipo popeza chithunzi chili bwino ndimange mabawutiwo ndisanatsike.

Ndinamangadi. Nditafika pansi ndinafuna kuwathokoza, koma ndinawapeza atatembenukira kukhoma, atafunda chitenje kumutu, ulemu wabwerera. Madzulo uthenga unadzera kwa akazi anga monga kale, woti makwaya akuoneka bwino ndipo nthambi ija idulidwe.

Chimene ndimakhulupirira lero n'chakuti mayi amene ankandithawa panjira uja ankandiwerengera ngati mwana wobereka yekha, ine osadziwa. Tsono inu okwera padenga, yambani mwadula nthambi, ndipo pansi pazikhala munthu woti zikavuta atsegula pakamwa. Mpira tsopano ndimakaonera ku Nsaru, kuyenda wapansi. Dishi ija sindinaikhudzenso, ndipo aliyense woti aitembenuze adzayambe wathana ndi ine.