Lupanga Limene a Dulcie Anakwecha

A Ansel Pybus anali munthu wonola. Kwa zaka makumi anayi ankanolera anthu a ku Oatlands, pa chilumba cha Tasmania, malumo ometera nkhosa, nkhwangwa ndi mipeni, m'kashedi kawo kuseri kwa nyumba. Koma nthenda yawo inali imodzi: chitsulo chilichonse ankafuna adziwe kwawo. Ukapita ndi mpeni unkaima mpaka miyendo kuwawa, iwo ali pheee, kusuzumira kachidindo ka amene anausula. Mabuku a malupanga akale anachita kulanda malo a makapu a tiyi.

Lachinayi lina kunatulukira alamu awo, a Dulcie Bester, atakumbatira chinthu chachitali chokulunga m'tawulo. Loweruka kunali kukumana kwa fuko lonse la a Bester, ndipo mayiwa anali atalonjeza kale pagulu kuti abweretsa umboni: kholo lawo linafika ku Tasmania lili mkulu wa asilikali, osati mkaidi wa m'maunyolo monga ankanenera amiseche.

"Alamu, valani magalasi anu aja. Taonani apa, 1414! Lakale kuposa inu nomwe."

"Ndiye n'lakaledi," anaseka a Pybus, akulilandira mwachidwi.

Linali lupanga lopyapyala, la ngodya zitatu, lopepuka ngati ndodo yokusira nkhuku. Analitembenuza, naligogoda ndi chikhadabo, nalinunkhiza.

"Nambalayi si chaka. Osula a ku Solingen, ku Germany, ankailemba ngati chithumwa cha mwayi. Malupanga a mtundu uwu anayamba patapita zaka pafupifupi mazana atatu."

"Zilibe kanthu, bola ndi la msilikali."

Koma a Pybus chinawavuta n'kuwala kwa chigwiriro. Chitsulo chakale sichiti mbee choncho, ayi.

"Kodi mwalitani lupangali?"

"Iii, mukanaliona! Linali bii ngati kunsi kwa poto. Masiku atatu ndikulikwecha ndi waya wotsukira mbale. Ndikanapita nalo kwa anthu lili lakuda?"

A Pybus anasuzumira kunsi kwa kambale kotchinga dzanja, kumene waya sanafike. Kunatsala kuda pang'ono, kosalala bwino, kosakhala dzimbiri. Mtima wawo unawawa. Akanatha kungoti inde, la msilikali, alamu n'kupita akuvina. Koma bodza la pa chitsulo anali asanalinenepo chibadwire, ndipo pakamwa panakana.

"Alamu, kuda kuja sikunali litsiro. Ankalidetsa dala. Lupanga lakuda, lopanda zokongoletsa, mwamuna ankalimanga m'chiuno akaferedwa, pamodzi ndi zovala za maliro. Ili ndi la m'ma 1780, chigwiriro chake mwina cha ku England. Kunkhondo silinapiteko."

A Dulcie anakhala pansi pa thumba la ubweya.

"Ndiye agogo athuwo anali ndani? Analiba?"

"Chitsulo chimanena kwawo ndi zaka zake, mwini wake sichitchula. Chimene ndikudziwa n'chakuti wina anaferedwa, ndipo wina sanafune kulisiya pokwera chombo."

Mayiwo anayang'ana zala zawo, zong'ambikang'ambika ndi waya.

"Libwezereni kudako, alamu. Inu simulephera kanthu."

"Apa pokha ndalephera."

"Kalanga ine! Zaka mazana awiri munthu akulira m'bokosi mwathu, ine n'kudzamupukuta misozi ndi waya!"

A Dulcie anakulunga lupanga lija pang'onopang'ono, osakhudza pomwe panatsala kuda.