Chitsamba Chimene Tinachiika M'manda

Pobwerera kwathu ku Itepela kuchokera ku Malawi nkhondo itatha, anzathu ananyamula malata ndi mbuzi. Bambo anga ananyamula kachitsamba m'chitini. Anakazula pamanda a mayi, amene tinawasiya ku Malawi. Anakabzala pakhomo, kanakula n'kumachita maluwa apepo onunkhira, ndipo bambo sankati chitsamba. Ankati "mayi ako".

Chaka china, ine ndili kale ndi ana awiri, masamba a chitsambacho anayera mbuu ngati awazidwa ufa, kenako n'kuyamba kupiringizika. Bambo anasungunula mapiritsi a mutu n'kuthira patsinde. Sizinathandize. Anathyola kanthambi, n'kukakulunga m'nsalu ya kapulana, n'kupalasa njinga mpaka kuchipatala ku Mandimba, kumene anakhala pamzere m'mawa wonse. Namwino atafunsa kuti wodwalayo ali kuti, iwo anamasula nsalu ija. Anabwerako atayezedwa iwowo.

Mbiri inamveka kuti kwathu kuli matenda, ndipo kwathu kuno matenda sazonda chimanjamanja. Amayi akumpingo anabwera ndi ufa ndi nkhuku, n'kukhala mozungulira chitsambacho. Aliyense pochoka ankachithira kapu ya madzi kuti chinyowetse kukhosi. Bambo anachimangira mpanda wa udzu kuti chisamve mphepo, n'kuchifunditsa bulangeti langa. Langa! Mtima unkandipsa, koma nkhukuzo ndinkadya nawo.

Mlamu wanga, mlangizi wa fodya ku Cuamba, anangochiyang'ana kamodzi. "Ichi ndi chuku, bambo. Chotsani mpandawu, lekani kuthira madzi, dulani nthambi zonse zodwalazi kuti dzuwa ndi mpweya zilowe. Mukapanda kutero chifa."

"Yambani mwadula mkono wa mkazi wanu," anatero bambo, kuiwala kuti mkaziyo ndi mwana wawo.

Masamba anayamba kuyoyoka. Tsiku lina bambo atapita kumunda, ndinatenga chikwanje, ndinagwetsa mpanda, n'kusadza chitsambacho mpaka kutsala chitsa. Atabwera sanandikalipire, ndipo zimenezo ndizo zinandiopsa. Anatola nthambi zonse, n'kuzikulunga m'kapulana yatsopano, n'kutumiza uthenga wa maliro.

Anthu anabwera, kwaya inaimba, adzukulu anakumba manda. Ine ndinkadziluma mlomo kuti ndisaseke, mpaka pamene bambo anagwada pamtumbira n'kunena kuti, "Wafika kwanu tsopano." Apo ndinalira koopsa. Pamaliro a mayi ku Malawi ndinali wamng'ono, sindinalire.

Bambo anakhala osandiyankhula mpaka mvula inagwa. M'mawa wina anandiitana pakhomo. Chitsa chija chinali chitaphukira masamba obiriwira, opanda ufa ngakhale pang'ono.

"Waona mayi ako?" anatero. "Maliro awiri, koma sakuchoka. Liuma limeneli ndi limene unatengera iwe. Katenge bulangeti lako, sakulifunanso."