Azakhali ndi Zotsala za Kuhotela

Gubudu, gubudu, pamasitepe. Ikamakwana 11 koloko usiku ndimamva makontena apulasitiki akugundana m'chikwama, kenako wefuwefu wa munthu wotopa, kenako "odi" wapansipansi pachitseko changa. Amakhala Azakhali, akuchokera kuntchito. Kwa milungu itatu, ndinkati ndikamva phokosolo mtima unkagunda ngati ndaba.

Si azakhali anga enieni. Ndinawapeza m'nyumba yosanja ino chaka chatha, nditabwera m'dziko lino kutsatira bambo a mwana, amene amayendetsa thiraki ndipo amaoneka kawiri pamwezi. M'nyumba yonseyi ndi iwo okha amene amayankhula chiyankhulo chathu. Anafika kuno zaka makumi awiri zapitazo, ndipo zaka zonsezo akhala akutsuka mbale kukhitchini ya hotela ina yaikulu. Zala zawo n'zotuwa, zokwinyika ngati za munthu amene wachezera kuchapa. M'mawa ndikapita kukakolopa m'maofesi, mwana wanga wa zaka ziwiri amatsala nawo. Amamutchula kuti "amuna anga."

Kuhotelako alendo amadzigawira okha chakudya. Mpunga, nkhuku ndi nsomba zimaikidwa m'mathireyi pamwamba pa timoto kuyambira 6 koloko. Pofika 8 koloko timoto tija amazimitsa, mathireyi n'kukankhidwira pakona pafupi ndi sinki, zotsala zikudikira kutayidwa. Azakhali amayamba amaliza mbale zonse, kenako n'kupakira zotsalazo m'makontena. Basi imawatengera ola lathunthu, chikwama chili pamiyendo. Akafika amagawira khomo ndi khomo.

Anandiuzapo kuti chaka chawo choyamba kuno anagona masiku atatu ndi madzi okha, kwinaku akukhuthulira nkhuku zathunthu m'bini. "Ndinalumbira," anatero. "Ine ndili moyo, chakudya sichilowa m'bini anthu ali ndi njala pakhomo panga."

Mwezi watha Azakhali anabweretsa mpunga usiku, mwana n'kuudya m'mawa mwake, nditautenthetsa ndekha. Pofika masana anali atasanza kanayi, kenako anayamba kutsegula m'mimba. Maso analowa m'kati, milomo inauma, kulira kopanda misozi. Ndinathamanga naye kuchipatala nditavala nsapato zosiyana. Anamuika diripi. Nesi anandifunsa zimene anadya, ndi nthawi imene chakudyacho chinakhala pamtetete chitachoka pamoto. Ndinawerenga pazala: maola atatu chisanandifike, kuwonjezerapo usiku wonse patebulo. Anapukusa mutu. Anati chakudya chophika chisamapitirire maola awiri chisanalowe m'firiji, makamaka mpunga, ndipo ukangoipa, kutenthetsa sikuuchiza.

Kuyambira pamenepo ndinasanduka mlonda. Madzi ndimawiritsa, ayisi sindimufuna, zipatso ndimagula zosenda. Koma Azakhali sindinawauze. Munthu wamkulu akakupatsa chakudya umalandira ndi manja awiri. Ndinkalandira, "zikomo kwambiri, Azakhali," kenako m'bandakucha n'kukulunga zonse m'jumbo pamodzi ndi matewera, kukaponya m'bini pansi. Kontena ndinkabweza yotsukatsuka.

"Inali bwanji nsomba ija?"

"Tinachita kunyambita zala."

Vuto linali m'mawa. Ndinkamusiyira mwana phala lake ndi nthochi, koma ndikanadziwa bwanji zimene akudya ine kulibe? Ndinkakolopa malo amodzi kawiri. Foni ikalira mopu ankagwa. Pobwerera ndinkamununkhiza mwana kukamwa, kumuyang'ana m'zikhadabo. Tsiku lina ndinapeza kanjere ka mpunga wachikasu pakolala yake. Sindinagone. Ndinkangomugwira pamphumi, kusuzumira m'thewera, kugona, kudzukanso. Kuwauza ndinkaopa kuti akwiya, ndipo mwana ndimusiya ndi ndani? Kukhala chete ndinkaopa diripi ija.

Amphaka ndi amene anandiulula. Loweruka m'mawa anang'amba jumbo, mpunga wachikasu ndi minga ya nsomba mbwee pabwalo ponse, pamodzi ndi matewera. Woyang'anira nyumba ankakalipa ndi tsache m'manja. Azakhali anatsika, anaima, anayang'ana. Matewera m'nyumba ino amavala mwana mmodzi yekha.

Anakwera kwanga osathamanga. Sanachite odi.

"Make mwana, zala zija mumanyambita pamodzi ndi amphaka?"

Ndinakhala pansi.

"Ukanangonena kuti ndife afiti, tikufuna kukudyera mwana."

"Ayi, Azakhali."

"Nanga? Wafika dzana, lero wasanduka dona? Ine ndimanunkhiza chilichonse ndisanapakire. Mphuno iyi sinandinamizepo."

Ndinatenga pepala lakuchipatala m'chikwama n'kuwapatsa. Ndinanena zonse, za maola awiri, za mpunga, ndi zoti nesi anati chakudya chikhoza kumanunkhira bwino chili choipa kale.

"Si unati anali malungo a mano?"

"Ndinanama. Ndinkaopa."

Anakhala pampando, pepala lili patali ndi maso chifukwa magalasi anasiya kwawo. Mwana anabwera kudzawakoka siketi. Anamunyamula, n'kumuyang'ana padzanja pamene panali kachipsera ka singano.

"Amuna anga, ndine ndinakubayitsani?"

Mwana anangowagwira mphuno.

"Maola awiri amenewo ndimawadziwa," anatero Azakhali. "Alembedwa pakhoma pamwamba pa sinki yanga, ndi zilembo zofiira. Ndimawaona tsiku lililonse. Ndinkangoti ndi malamulo a anthu okhuta."

"Inuyo simudwala nazo?"

"Ine? Zaka makumi awiri!" Anakweza chala, kenako chalacho chinatsika chokha. "Kungoti pamwezi kamodzi kapena kawiri m'mimba mumabwera alendo. Ndimati ndi ukalamba."

Kuseka kunandithawa pakamwa ndisanakugwire. Anandiyang'ana moopseza, koma nawonso mapewa ankagwedezeka.

"Usaseke, wabodza iwe. Milungu itatu ndikukunyamulira nsomba pabasi, anthu akundithawa pampando, iwe ukunenepetsa amphaka!"

"Pepani, Azakhali. Nanga m'mawa, mukakhala naye..."

"Ndinamupatsa kawiri. Ankalirira mbale yanga." Anayang'ana pansi. "Ukanandiuza tsiku lomwelo. Ulemu wako ukanamubwezera mwana kuchipatala."

Ndinangofunsa chimene chinkandidya: "Lolemba ndimubweretse?"

"Ukufuna umusiye ndi amphaka ako?"

Anaimirira, mwana ali m'chiuno, n'kuyamba kuzungulira m'kachipinda kanga, kuchoka pawindo kufika pachitseko, akuyankhula okha. Anatchula agogo a m'chipinda chapansi, amene amadikira kontena yawo usiku uliwonse, ndi mayi woyembekezera wa pakhomo lomaliza. Kusiyiratu sakanatha, ndinaona pankhope pawo. Kupitiriza monga kale sakanathanso.

Anaima pakati pa chipinda.

"Mvera. Amuna angawa azidya za m'poto mwako basi, ngakhale alire mpaka denga ling'ambike. Lero ndikalawirira kuntchito, ndikaonane ndi mkulu wa ophika. Sindinamupemphepo kanthu chiyambire. Ndikamuuza kuti akangozimitsa timoto tija, andilole ndisiye mbale, ndipakire pompo, ndiike m'chipinda chozizira, ndipo pabasi ndizinyamula m'bokosi la ayisi. Akakana, ndizibweretsa buledi ndi malalanje okha, ndipo agogo apansi ukawafotokozere ndiwe, poti pakamwa pako patseguka."

Anamutsitsa mwana, n'kutola kontena yawo pasinki.

"Tsopano tenga tsache. Mpunga wanga sugona pabwalo."