A Thovu ndi Nsomba za Amayi

Bambo anga anagwira ntchito yotsuka zipangizo za m'chipinda cha opaleshoni kwa zaka makumi atatu ndi ziwiri. Sanali dokotala, koma madokotala ankawapatsa ulemu. Sizasi ikapezeka ndi kadontho, ankaibweza m'madzi owira mpaka iwale. Anzawo anawapatsa dzina loti a Thovu, ndipo dzinalo linawatsata mpaka kunyumba. Ife ana tinakula tikusamba m'manja kawiri: koyamba kuchotsa litsiro, kachiwiri kuti bambo aone ndi maso awo.

M'nyumba monse munali malo amodzi okha amene ulamuliro wa a Thovu sunkafika. Malowo anali thanki yagalasi ya amayi, imene inkakhala pabalaza, pamwamba pa kabati yakale. Munali tinsomba tating'ono ta michira yachikasu, timene tinkaswana momwemo chaka ndi chaka, ndiponso nsomba imodzi yaikulupo ya mizere yakuda. Imeneyi amayi ankaitcha Kapitawo, chifukwa inkayenda modzikweza ngati ikuyendera antchito. Pansi panali timiyala, udzu wa m'madzi wothithikana, ndi kamphika ka maluwa kosweka, kogonekedwa cham'mbali.

Kunena zoona, thankiyo sinali yokongola. M'makona mwa galasi munali ndere. Siponji ya m'kamakina kosefa madzi inali yabulauni, ndipo amayi ankangoifinya pang'ono m'madzi akale a m'thanki momwemo n'kuibwezera. Madzi atsopano ankawatunga pampopi n'kuwasiya mundowa kuseri kwa chitseko masiku awiri, kenako n'kuthira pang'ono chabe. Bambo zimenezi zinkawanyansa.

"Ulesi basi," ankatero Loweruka lililonse. "Ndowa kukhala masiku awiri ngati mukuweta udzudzu. Ndipatseni ola limodzi, muone ntchito."

"Madzi amenewa ali ndi moyo, bambo ake ana," amayi ankayankha osatembenuka n'komwe. "Musawagwire."

Bambo ankaseka, n'kupita kukapukuta mawindo amene anali atawapukuta kale.

Amayi anamwalira atadwala milungu itatu yokha. Alendo a maliro atabalalika, ine ndinabwerera kwanga kutsidya lina la tauni kumene ndimaphunzitsa, ndipo bambo anatsala okha ndi nsomba makumi awiri ndi zitatu. Sanalire pamaso pa anthu. Koma Lamlungu loyamba nditapita kukawaona, anandikokera pabalaza nkhope ikuwala.

"Taona, iwe. Amayi ako akanaiona chonchi!"

Galasi linali mbee. Timiyala tinali titawiritsidwa. Udzu wonse anali atauzula, ati unkaola. Kamphika kosweka kanali katapita ndi galimoto ya zinyalala. Siponji inali yoyera ngati buledi. Tinsombato tinkangozungulira m'madzi opanda kanthu, ndipo ine, chitsiru, ndinawayamikira kuti agwira ntchito yabwino.

Lachitatu m'mawa foni inalira ndikulemba pa bolodi.

"Ina yapita," anatero bambo.

"Ndani wapita, bambo?"

"Nsomba. Ndaipeza ikuyandama, mimba m'mwamba."

Ndinausa moyo n'kuwauza kuti nsomba zimafa, asadandaule. Koma Lachisanu inalira foni, Lolemba inaliranso. Posakhalitsa ndinayamba kudana ndi kulira kwa foni yangayanga. Ana a m'kalasi mwanga anafika pozolowera, moti ikangolira ankanong'onezana kuti ina yapita.

Bambo si munthu wokhala manja lende. Anakoka mpando, n'kukhala patsogolo pa thanki ndi magalasi awo owerengera, kufufuza mlandu. Wolakwa sanavute kupeza. Kapitawo, amene m'masiku a amayi ankangodzikweza osavulaza mnzake, anali atasanduka chigawenga. Ankathamangitsa tinsombato kuchoka kona ina kukafika kona ina, kutijompha michira mpaka kunyenyeka.

"Ndi uyu," anatero bambo, chala chili pagalasi, kenako n'kupukuta pamene chalacho chinakhudza. "Ankaopa amayi ako. Tsopano waona kuti m'nyumba mulibe mwini wake."

Anamuwola ndi kaukonde n'kumuika m'beseni pakhonde. Ati kundende. Kapitawo anakhala m'ndende masiku anayi, ndipo m'masiku anayi omwewo tinsomba titatu tinafa. Wina aliyense akanaima n'kuganizanso. Koma bambo anga anangogwedeza mutu ngati munthu amene wamva zimene ankayembekezera.

"Ndiye kuti ndi matenda. Wasiya tizilombo m'madzimo."

Loweruka limenelo anakhuthula madzi onse, anatsuka galasi ndi sopo, anaviika timiyala m'mankhwala oyeretsera zovala, anatsukuluza kasanu, n'kudzaza madzi atsopano a pampopi. Siponji anaiphika mumphika wakewake. Kapitawo anamukhululukira n'kumubwezera. Pofika Lachiwiri, tinsomba tinali titasonkhana pamwamba pa madzi, tikuyasama ngati anthu othamanga mtunda wautali.

Apa m'pamene ndinapsa mtima. Ndinali nditatopa ndi mafoni, ndi maliro a nsomba kuseri kwa nyumba, ndi bambo amene anasiya kudya bwino chifukwa cha tinthu tosakwana chala. Ndinawauza mosabisa.

"Bambo, ipatseni munthu wina thankiyi. Yakukanikani."

Malaya awo anali ositidwa bwino monga mwa masiku onse, koma kolala inali itayamba kuwakulira.

"Izi zinabadwira m'nyumba muno," anatero. "Agogo ake a tinsomba iti anawabweretsa amayi ako mu botolo la jamu, iwe usanayambe sukulu. Zovala zawo munagawana. Mbale munagawana. Chimene chatsala chopuma n'chimenechi. Ndichipereke kwa munthu?"

Ndinachita manyazi, ndipo manyaziwo anangowonjezera mkwiyo wanga. Tsiku limenelo munali mutatsala tinsomba tinayi ndi Kapitawo.

Loweruka lotsatira, titatsala ndi tiwiri, ndinatunga madzi a m'thanki m'kabotolo n'kuwakakamiza bambo kukwera basi. Tinapita ku sitolo ya ziweto ya pafupi ndi msika, kumene amayi ankagula chakudya cha nsomba. Wogulitsa anali mayi wonenepa wa manja onyowa, ndipo anatizindikira titangotchula za michira yachikasu. Anatipepesa maliro, kenako anadontheza mankhwala m'kabotolo kaja. Madzi anasintha mtundu, ndipo iye anakweza nsidze.

"Madzi awa ndi poizoni, bambo. Kodi siponji mumaisamala bwanji?"

Funso limenelo bambo analilandira ngati mendulo. Anawongola msana n'kufotokoza zonse mwadongosolo: sopo, madzi owira, mankhwala oyeretsera, kutsukuluza kasanu. Pamene ankafika pa kuphika siponji, mayi uja anali atagwira kumutu ndi manja onse awiri.

"Mayo ine! Mwapha antchito anu omwe!"

Anatifotokozera pang'onopang'ono, ngati ana a sitandade wani. Zimbudzi za nsomba zimasanduka poizoni m'madzi. M'litsiro labulauni la m'siponji ndi pa timiyala mumakhala tizilombo tabwino timene timadya poizoniyo. Ukatiphika, poizoni amangochuluka. Madzi a pampopi nawo amabwera ndi klorini, amene amawotcha nsomba ndi kupha tizilombo tomweto, n'chifukwa chake ena amayamba awasiya mundowa kuti mphamvu yake ithe.

"Tizilombo tabwino?" anatero bambo. "Mayi, ine ndatha moyo wanga wonse ndikupha tizilombo. Palibe wodwala anafa chifukwa cha sizasi yanga."

"Sindikukana, bambo. Koma iyi si opaleshoni, ndi nyumba ya nsomba. Nanga udzu ndi kamphika kamene malemu ankanena kaja zilipo?"

Ndinayankha ndine, kuti zinatayidwa.

"Ndiye yaikuluyo mukuiimba mlandu wanji? Kale tating'onoto tinkabisala, iyo osationa. Lero mwatiika pabwalo popanda pothawira. Ngakhale inu, kukutsekerani chipinda chimodzi ndi anthu makumi awiri, mpweya woipa, simungalume munthu?"

Mayiyo anapisa dzanja m'thanki yake ina, anadula chidutswa cha siponji yakuda bii, yoterera, n'kuchiika m'pepala la pulasitiki pamodzi ndi madzi ake ndi kamtolo ka udzu. Anachipereka kwa bambo, osati kwa ine.

"Mukaike mmene chililimu. Mukachitsuka, musabwerenso kuno."

M'basi bambo ananyamula pepalalo ndi zala ziwiri, kutali ndi buluku lawo. Ine mkwiyo unali utandithera, koma m'malo mwake munalowa chinthu china cholemera, chifukwa ndinakumbukira kuti nanenso ndinayamikira galasi loyera lija.

Titafika tinapeza kamodzi mwa tiwiri tija katagona pa timiyala. Kanatsala kamodzi, kakakazi, mchira wonyenyeka, katadzipanikiza kuseri kwa paipi ya kamakina. Kapitawo ankazungulira pafupi.

Bambo anavula wotchi, anapinda mikono ya malaya. Anatsegula pepala lija, fungo la dziwe n'kudzaza pabalaza. Kenako anagwira siponji yakudayo ndi dzanja lawo lenilenilo, dzanja limene silinkagwira chitseko cha basi popanda mpango, n'kuilowetsa m'kamakina. Madzi anachita mtambo wabulauni. Anabzala udzu uja pakati pa timiyala, osalunjika bwino.

"Pobisala," anatero okha. Anapita kukhitchini n'kubwera ndi kapu yawo yadothi, imene anapatsidwa popuma pantchito, imene palibe mwana ankaloledwa kumwera. Anaitsukuluza ndi madzi okha, anayang'ana sopo, n'kumusiya. Anaigoneka cham'mbali pansi pa thanki. Patapita kanthawi, kansomba kaja kanatuluka kuseri kwa paipi n'kulowa m'kapumo.

Kenako anafunafuna ndowa ya amayi. Anaipeza m'bafa, m'mene anali ataisandutsa yoviikira zokolopera. Imeneyo sinali yogwiranso ntchito chifukwa cha sopo, choncho anatenga yatsopano, anatunga madzi, n'kukaiika kuseri kwa chitseko, pamalo pomwe paja, pamene simenti inali idakali ndi chizindikiro chozungulira.

Anakhala pampando wawo, manja onyowa ali pamaondo, osawapukuta. Galasi linali ndi madontho ndi zidindo za zala, ndipo kansalu kopukutira kanali kakusuzumira m'thumba la malaya. Sanakagwire.

"Zaka makumi awiri ndikuwanena kuti ndi aulesi," anatero, maso ali pa kapu ija. "Amayi ako ankazidziwa zonsezi, eti?"

"Ankazidziwa, bambo."

"Nanga bwanji sanandiuze?"

Ndinafuna kuwanamiza, koma ndine mwana wawo, ndipo m'nyumba imeneyo sitinaphunzitsidwe kubisa kadontho.

"Ankakuuzani, bambo. Loweruka lililonse."