Za m'chitini za Ama zinapita ku Ntcheu

Lachiwiri lapitali nkhuku za kwathu ku Chintheche zinadya Khirisimasi isanafike. Ndinazikhuthulira beseni lonse la chinangwa chokazinga, nkhope ili gwa ngati zandilakwira ndi izo.

Nkhani yake ndi iyi. Ada, bambo anga, masiku ano chakudya sichikuwalowa. Amangolawa kawiri katatu n'kukankha mbale. Koma sabata yatha tili pakhonde anati, "Chaka chino ndikufuna za m'chitini zija."

Za m'chitini ndi zokhwasulakhwasula zimene malemu Ama, mayi anga, ankakonza Khirisimasi iliyonse: chinangwa chozizira chocheka mopyapyala, mtedza wokazinga mumchenga, mbuliuli, kamchere ndi katsabola. Ankazisunga m'chitini chachikulu cha mabisiketi, ndipo aliyense wodutsa pakhomo kuchokera kutchalitchi ankatapako dzanja limodzi. Zinkakhalabe zouma bwinobwino, zolira potafuna, mpaka chaka chatsopano.

Ine ndinati chovuta n'chiyani pamenepa? Si ine mwana wa Ama? Chitinicho chili ndi ine, chiwaya chawo chili ndi ine. Ndinacheka, ndinayanika, ndinakazinga. Kutacha zonse zinali zitafewa ngati zagona m'madzi. Ada analawa kamodzi n'kundiyang'ana.

"Wayesetsa, mwana wanga," anatero. Bola akanangondikalipira.

Apa m'pamene ndinavomereza kuti ine sindinaimepo pambali pa Ama akukonza zimenezi. Ndinkatsika minibasi kutatsala tsiku limodzi kuti Khirisimasi ikwane, poyamba kuchokera kusukulu, kenako kuntchito ku Mzuzu, n'kupeza chitini chadzaza kale. Amene ankacheka nawo chinangwa mpaka zala kuchita matuza anali alamu anga a Esnart, mkazi wa malemu achimwene anga, amene anachokera ku Ntcheu.

Ndipo a Esnart tinawathamangitsa. Ndilembe momwemo, chifukwa kwa zaka zisanu ndakhala ndikunena kuti "anabwerera kwawo". Achimwene atamwalira, akubanja anakhala pansi. Bwato linapeza mwini wake, maukonde nawonso, nyumba anati ikufunika kwa wina. Palibe amene anakweza mawu. Anangowauza mwaulemu kuti mwina kwawo akapepukidwa mtima. Ananyamula ana awo awiri ndi zikwama n'kukwera basi. Ine ndinalipo pamsonkhanowo, ine amene ndimalemba m'nyuzipepala muno mlungu ndi mlungu kudzudzula ena. Sindinawaikire kumbuyo, maso ali pa chitini chimene Ama anasiya kuti wina asanditsogolere.

Kodi ndi makomo angati m'mbali mwa nyanja muno amene achita zomwezi? Mkazi amabwera, amaphunzira chilankhulo chathu, amaphunzira kuviika chinangwa cha kondowole, amasambitsa makolo athu akadwala pamene ife tikutumiza moni pa foni. Mwamuna wake akangoikidwa m'manda, timakumbukira mwadzidzidzi kuti ndi wobwera. Timagawana zooneka ndi maso, osadziwa kuti zambiri za pakhomo zili m'mutu ndi m'manja mwa amene tikumuperekeza kudepotiyo.

Lachitatu ndinapempha nambala yawo kwa mayi wina wa kutchalitchi. Ndinaiyang'ana nambalayo theka la tsiku. Nditaimba, ndinayembekeza kuti adula.

"Mwe uli, alamu?" anandilonjera m'Chitonga chathu chomwe. "Ada ali bwanji? Mwendo uja ukuwavutabe?"

Ndinachita chibwibwi, kenako ndinafotokoza za chinangwa changa chofewa. Anaseka pang'ono.

"Mwakazinga kamodzi, eti? Ama ankakazinga kawiri. Koyamba moto wochepa, muzisiye zizizire, kachiwiri mafuta atenthe kwambiri. Mcherewo musinjire pamodzi ndi makoko a ndimu ouma. Ndiye m'chitinimo muikemo kampunga kosaphika, komanga pakansalu. Disembala wa kunyanjako ndi wachinyontho, mpungawo ndi umene umamwa chinyonthocho."

Kansalu ka mpunga! Ndinkakaona m'chitinimo chaka ndi chaka, osafunsapo n'kamodzi komwe kuti ndi kachiyani.

"Ine ndimakonzabe chaka chilichonse," anapitiriza. "Chinangwa cha kuno sichifika pa cha kwanuko, koma anawa salola kuti Khirisimasi idutse popanda za agogo awo."

Ndinafuna kupepesa. Mawu anafika pamilomo, koma chimene chinatuluka ndi kuthokoza chabe, "Yewo, alamu." Mpaka pano ndikudziimba mlandu. Munthu tinamulanda pokhala, ine n'kumuimbira patapita zaka zisanu kudzapemphanso chimene anatsala nacho, iye n'kundipatsa ndi manja awiri.

Dzulo ndinakonzanso monga anandiuzira. Zinatheka. Ada anatafuna, phokoso lake n'kumveka khonde lonse, ndipo anatapanso kachiwiri ndi kachitatu. Sindinawaonepo akudya chonchi chiyambire mvula.

"Izi ndiye zake," anatero. "Wakuphunzitsa ndani?"

Ndinawauza. Anasiya kutafuna, n'kuika mbale pansi pang'onopang'ono. Anayang'ana kumsewu nthawi yaitali.

"Adzukulu anga aja," anafunsa, "ali sitandade chani tsopano?"

Pa foni paja ndinangofunsa za chinangwa. Za anawo sindinawafunse a Esnart.