Matemba M'kathumba ka Masipanala

Njinga ya malemu bambo anga inkalendewera kudenga m'nyumba ya agogo ku Ndirande. Mayi anatsogola, bambo n'kutsatira, ine n'kutsala ndi agogo obereka mayi, amene ankagulitsa zitumbuwa pamsika ndipo pakamwa pawo sipankatsekeka. Ine ndinali mwana wongoyang'ana. Agogo akapita kumsika ndinkaitsitsa njingayo, n'kukazungulira nayo pabwalo la mpira, ndikuganiza kuti sakudziwa.

Ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, bambo aang'ono, mng'ono wawo wa bambo, anafika Lamlungu kuchokera ku Chilomoni.

"Amayi, ndabwerera njinga ya achimwene," anatero. "Ikungochita dzimbiri. Mtsikana angatani nayo njinga yachimuna?"

"Dzimbiri lake liti?" anatero agogo. "Mwanayu amakwera. Mawa lomweli akundinyamula kupita kwathu ku Kachulu, kunyanja ya Chilwa."

Ulendowo ndinaumvera pomwepo. Bambo aang'ono anaseka mpaka kutsokomola.

"Chabwino. Akakafika ku Kachulu n'kubwera ndi matemba akumeneko, njinga ndi yake. Ndibwera Lamlungu. Ndipo musati mukagule mu Limbe, mayi akunyumba amagulitsa nsomba mmenemo, ndimva."

Masiku amenewo mkazi akavala buluku ankagwidwa, choncho agogo anandimanga chitenje ndi mapini asanu ndi atatu kuti chisalowe mutcheni. Makhadi athu achipani, amene munthu ankafunsidwa panjira, anawaika m'duku. Anamangirira pilo pakeliyala, n'kukhala chammbali ngati mkwatibwi, mtanga wa zitumbuwa pamiyendo.

Kutsika ku Njuli ndi kumene ndinazindikira kuti agogo amakonda liwiro.

"Usagwire buleki, iwe! Ukuopa chiyani? Imba belu!"

Ndinaimba belu ngakhale kutsogolo kunalibe munthu. Agogo anayamba kululuta, duku likuwuluka m'mbali, dzanja lina ali gwa pamutu kuti makhadi asagwe. Tinapitirira bambo wina amene ananyamula nkhuku panjinga, agogo n'kumufuulira, "Achimwene, pita nayoni kuchipatala imeneyo, yadwala!" Ine ndinamva mawu achilendo akutuluka, kenako n'kuzindikira kuti ndikukuwa ndine.

Pamitunda ankatsika, tonse n'kumakankha. Vuto linali abale. Ku Namadzi kunali msuweni wawo, ku Thondwe mnzawo wa kuchinamwali, ndipo aliyense ankafuna tigone. Agogo, posafuna kukhumudwitsa munthu, ankayankha chimodzimodzi: "Pobwerera, tidzagona masiku awiri." Ndinawerenga mumtima. Pofika mu Zomba tinali titalonjeza makomo asanu.

Polowa m'tauniyo tinaima pa nsanja yofiira ya wotchi, yokumbukira asilikali amene anafera kunkhondo. Agogo anandiuza ndifufuze dzina la amalume awo. Ndinalipeza lofanana nalo, koma iwo anati ndi lomwelo, n'kulipatsa moni, n'kuliuza kuti chaka chino mitengo ya ufa yakwera. Tinagona kwa mbale wina ku Zomba.

Mawa lake tinatsata msewu wafumbi mpaka ku Kachulu. Nyanja ndinali ndisanaionepo. Ndinaona mabango, chilumba patali, ngalawa zokankha ndi nsungwi, ndi madzi otuwa osatha. Ndinalowamo ndi mapini anga onse. Achibale a agogo anatizungulira, ana akulimbirana belu, ndipo m'mawa wotsatira anatidzazira mtanga ndi matemba ouma kumene.

"Tsopano tidzera kuti?" ndinafunsa. "Makomo asanu masiku awiri awiri, Lamlungu litipeza ku Thondwe."

Agogo anawerenga zala, n'kugwira pakamwa.

"Mayo ine! Ndiye tizemba. Dzera ku Jali."

Tinabwerera njira ina, yozungulira, yotulukira ku Chiradzulu, tikuseka ngati akuba. Koma njira imeneyonso inali ndi anthu. Mayi amene anatipatsa madzi analandira matemba odzaza manja. Mkulu amene anatimatira chubu analandira. Amene anangotilozera njira, nayenso. Ku Mbombwe, pafupi ndi tchalitchi chakale chija cha mbiri ya nkhondo ya m'busa ndi azungu, agogo anauza amayi osesa pabwalo kuti mdzukulu wawo wapalasa kuchokera kunyanja, ndipo kuti akhulupirire, anawagawira umboni. Ine ndinangodikira apite kuseri kwa tchire, n'kutapa matemba odzaza dzanja limodzi, n'kuthira m'kathumba kachikopa ka masipanala kamene kanali pansi pa chishalo.

Tinalowera ku Bangwe Loweruka masana, titayera ndi fumbi mpaka nsidze, mapini atatsala atatu. Agogo ankabayibitsa aliyense ngati nduna.

Lamlungu bambo aang'ono anafika ndi chingwe chomangira njinga pagalimoto ya mnzawo. Agogo anatulutsa mtanga monyadira, n'kuvundukula nsalu. Munali mamba ndi mutu umodzi.

"Aa," anatero agogo. Anaupendeketsa mtangawo n'kuugwedeza.

"Ndiye matemba a ku Kachulu amenewa, amayi?" anatero bambo aang'ono, akuyamba kumasula chingwe.

Ndinadzuka, n'kutsegula kathumba kaja, n'kukhuthulira zonse m'manja mwawo: matemba, sipanala, ndi kachidutswa ka chubu. Pa matembawo anatolapo limodzi, n'kulinunkhiza, n'kulitafuna pang'onopang'ono, mchenga ukulira m'mano.

"Akununkha girisi," anatero.

"Koma ndi a kuti?" ndinafunsa. Anandiyang'ana modabwa, pakuti kanali koyamba kuti ndiwafunse kanthu.

Anayang'ana matayala, amene anali atatha mpaka kuonetsa ulusi, ndi dothi lakuda la kunyanja litauma pamadigadi. Anapinda chingwe chawo.

"Uzithira oyilo tcheniyi," anatero. "Bambo ako sankafuna kuimva ikulira."

Atangotuluka, agogo anagwa pamphasa ndi phwete, miyendo m'mwamba. Atapuma anapukuta misozi n'kunena kuti tsopano tili ndi njinga, ndipo ku Namadzi ndi ku Thondwe anthu akutidikirabe.