Redi Inasankha kwa Mng'ono Wanga

Titabwerera kuchokera ku Malawi nkhondo itatha, tinapeza mudzi wathu kuno ku Mozambiki uli tchire lokhalokha. Malo anali ambiri, anthu ochepa, ndipo aliyense ankaloza pomwe mtima wake wafuna. Ine, pokhala wamkulu, ndinaloza poyamba. Ndinatenga kumunsi, m'mphepete mwa dambo lolowera ku nyanja ya Chiuta, kumene mpunga umabereka ngakhale uubzale utakwiya. Mng'ono wanga anatsala ndi kamtunda ka miyala, kopanda madzi, komwe ngakhale chinangwa chimamera monyinyirika. Ndinamuseka, sindibisa. Ndinamuuza kuti akatopa kudya miyala azitsika kudzapempha mpunga, ndipo kwa zaka zambiri ankatsikadi, lichero lili m'manja.

Mwana wamkazi amene ndinabwera naye kumsana tsiku lija anakula n'kukwatiwa ku Nampula. Ndi yekhayo amene Mulungu anandisiyira, bambo ake atatsogola. Atabwera kudzationa chaka china ananditengera foni ija yopanda mabatani, n'kundiphunzitsa kuisisita ndi chala. Anati tizionana nkhope polankhula. Anaiwala chinthu chimodzi, kuti kwathu kudambo redi sifika, netiweki imene amanena anzathu a ku Malawi.

Redi inakakhala pa miyala ya mng'ono wanga. Ukaima pakhomo pake tsiku lopanda nkhungu umaiona antena ya mafoni ya ku Malawi kutsidya kwa madzi, ndipo foni ikafika pamenepo imadzuka yokha. Iye anagula khadi ya ku Malawi, yodya makwacha, amene amasintha ku Entre Lagos, katauni ka m'malire, akapita kukagulitsa nkhuku. Ndalama imene ine ndimagulira ndiwo za tsiku limodzi, iye imamukwanira mamega a intaneti a masiku angapo, n'kumaonera ngakhale makwaya akuvina. Anthu anayamba kukwera kamtunda kaja m'mawa ndi madzulo, mafoni m'manja, ndipo sankakwera chimanjamanja: wina nsomba, wina sopo, wina kamtolo ka nkhuni. Munthu amene ankabwera kwa ine ndi lichero anasanduka woyalira alendo mphasa. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Zinandiwawa kwambiri, ndipo ndinalumbira mumtima kuti ine kumeneko sindidzakwerako ndi foni.

Ndiye ndinayamba kufufuza njira zanga. Khadi ya kwathu kuno ku Mozambiki imagwira pakhomo panga malo amodzi okha, kuseri kwa khola la mbuzi, utakweza mkono. Mawu amamveka, ngakhale modukaduka, koma zithunzi ayi. Ukagula mamega a tsiku limodzi, kagudumu kaja kamangozungulira pagalasi, tsiku n'kutha, ndalama n'kulowa m'madzi usanaone kanthu. Chithunzi china chimene mwana wanga anatumiza ndinachidikira kuyambira potereka nyemba mpaka pophula, ndipo chimene chinatuluka ndi duku lake lokha.

Ndinapalasa njinga kupita ku Entre Lagos, kwa mwini sitolo wina amene ali ndi mbale yoyera padenga, yokoka intaneti kuchokera kumwamba. Kumeneko ndiye kuthamanga, usanachotse chala nkhope yafika kale. Amakulembera manambala pakapepala, umalipira ola limodzi, n'kukhala pabenchi pakati pa matumba a feteleza, ogula mchere akumvetsera zonse zimene ukuuza mwana wako. Ndinamufunsa mtengo wa mbale yakeyo. Atautchula ndinauyesa m'matumba a mpunga, n'kuona kuti munda wonse upita, kuwonjezera zolipira mwezi ndi mwezi komanso sola yoti iziiyatsa. Pondimvera chisoni, kapena pomvera chisoni ndalama zanga, anandigulitsa kabokosi kakang'ono koikamo khadi. Anati ndikakakweze pamwamba kwambiri, foni izidzayamwa ili pansi.

Ndinadula nsungwi ziwiri zazitali n'kuzilumikiza ndi mphira wa njinga. Kabokosiko ndinakaika m'botolo la mafuta ophikira kuopa mvula, n'kuimika nsungwiyo motsamira mtengo wa mango. Kunena zoona kanagwira, redi ya ku Malawi yomweyo. Koma mphepo ikangogwedeza nsungwi, nkhope ya mwana wanga inkauma pagalasi kukamwa kuli yasa, ndipo tsiku lililonse ndinkayenera kutsitsa chinsungwi chonsecho kuti ndikatchaje. Mng'ono wanga ankaiona mbendera yangayo ali kwake. Potuluka m'tchalitchi anandiuza kuti pakhomo pake ndi panga, ndizibwera nthawi iliyonse. Ndinamuyankha kuti zanga zikuyenda bwino kwambiri, asadzivutitse.

Kenako mwana wanga anakhala woyembekezera. Ndinakonza zoti ndikakolola mpunga ndikwere sitima, ndikakhale naye pochira. Koma khanda linafulumira ndi mwezi wathunthu, mpunga usanache, mbalame zitangoyamba kuuzungulira, ndipo mvula yomaliza inali itadula msewu. Mvula yomweyo inagwetsa nsungwi yanga, botolo n'kung'ambika, kabokosi n'kumwa madzi. Uthenga ndinaumvera kuseri kwa khola, mkamwini wanga akulankhula modukaduka kuti ndi wamkazi ndipo onse ali bwino. Ndinalira pomwepo mbuzi zikundiyang'ana.

Kwathu mwana wobadwa kumene saonetsedwa kwa anthu mpaka mchombo utagwa. Akamatuluka m'chikuta, pa mtundu wathu woyamba kumulandira ndi mayi wa mayi wake, ena onse pambuyo. Nkhondo inandilanda zambiri, koma ichi ndinkadziwa kuti ndi changa. Ndiye taganizani mmene ndinamvera amayi anzanga kudambo atandiuza kuti mwana wanga akumaimba pa foni ya mng'ono wanga tsiku ndi tsiku, kuimba koonana nkhope kuja, kufunsa kasambitsidwe ka khanda, kufunsa chochita mawere akatupa. Amenewo anali mafunso anga. M'maganizo ndinkamuona mng'ono wanga atakhala pamwala pake akuseka ndi mdzukulu wanga, akunena kuti mphuno watengera uje. Chakudya chinandikanika. Kawiri konse mng'ono wangayo anatsika kudzandiitana, ndipo kawiri konse ndinamuyankha osamuyang'ana kuti ndatanganidwa ndi mbalame. Ndinkafuna kuti mwana wanga ndiye avutike kundiimbira kuseri kwa khola, ngakhale ndinkadziwa kuti kumeneko sitimvana.

Patapita sabata mng'ono wanga anatsikanso m'mawa. Sanalowe m'munda, anaima m'malire.

"Achemwali, mchombo wagwa dzulo. Akumutulutsa lero masana. Mukafuna musabwere, koma ine ndanena."

Anatembenuka n'kumapita. Ine ndinakhala ndi mbalame zanga mpaka dzuwa litafika paliwombo. Kenako ndinasamba n'kuvala chitenje chatsopano chimene ndinasungira ulendo wa pasitima. Mwana saonedwa chimanjamanja, ndiye ndinatapa mpunga wotsala wa chaka chatha, n'kudzaza lichero, n'kusenza. Njira yomwe ija imene iye ankatsika nalo lopanda kanthu, ine ndinaikwera nalo lodzaza, ndipo m'njira monsemo ndinkanola mawu omulasa nawo. Ndinkafuna kumufunsa ngati mdzukulu wake wanenepa.

Ndinapeza pakhomo pali zii. Anthu a mafoni anali atawabweza onse tsiku limenelo. Foni yake inali pampando, pamthunzi wa nkhokwe, atayifunditsa duku lakale. Mawu a mwana wanga ankatuluka pansi pa dukulo, pamodzi ndi kulira kwa khanda. Ndinatula lichero n'kumufunsa chimene wafunditsira foni ngati ikudwala malungo.

"Sabata yonseyi takhala tikulankhula choncho," anatero mng'ono wanga. "Ndinamuuza kuti azifunsa zofunsa zake, ine ndiziyankha, koma mwanayo sindimuona agogo ake asanamuone. Vundukulani nokha. Ine ndili kukhitchini."

Ndinkaganiza kuti akundinamiza pofuna kundiziziritsa mtima. Koma mwana wanga, atamva mawu anga, anayamba kudandaula pansi pa duku paja.

"Amayi, mwafika tsopano? Amayi aang'onowa andivuta. Sabata yathunthu ndikulankhula ndi nsalu."

Ndinagwada n'kuvundukula. Nkhope inafika yonse nthawi imodzi, osauma, osadukaduka: kamunthu kofiira, ka tsitsi lambiri, kakuyasamula ngati katopa nafe kale. Ndinaona mpaka timizere ta m'manja mwake. Ndinamulonjera monga timachitira, kumuuza kuti wafika pakati pa anthu ake, kuti kwawo kwenikweni ndi kuno, ndipo mpunga wake ndi uwu. Ndinatambasula manja kuti ndimulandire, n'kuzindikira kuti ndafungatira foni ya mng'ono wanga. Sindinaisiye. Mawu amene ndinanola m'njira aja ndinawafuna osawapeza.

Nditakhuta kumuyang'ana ndinamuitana mng'ono wanga kuti adzaone. Anabwera akupukuta manja pachitenje, anawerama, anayang'ana kamodzi n'kunena kuti mphunoyo ndi yanga, tsoka la mwana. Mpunga ndinamusiyira, ndi lichero lomwe. Anandiuza kuti mawa ndibwere m'mawa, chifukwa nthawi imeneyo redi imathamanga kuposa masana, anthu a kutsidya asanaidzadze. Sindinakane.

Ndikutsika kubwerera kudambo ndinaona nsungwi yanga ili gone m'matope, ndipo ndinazindikira kuti nsanje sinandichoke. Inangosintha pokhala. Za redi zija ndinali nditaziiwala. Chimene chinkandidya n'chakuti ndimadzidziwa ndekha: ine ndikanakhala iye, foni ili m'manja mwanga sabata yathunthu, duku lija ndikanalivundukula tsiku loyamba lomwe.